Waya Wopita pa Nthochi za Nangondo

Sendezani mipando kuno kuli mbaula, magetsi awa sabwera lero. Poti mwayamba kale kuwatukwana, imvani za munthu amene anawatukwana kuposa tonsefe, mpaka anaganiza zowatsuka ngati mbale.

Dzina lawo a Sikweya Kamtedza, a pa Kamphata, kuseri kwa msika kumene msewu wafumbi umatsetserekera kudambo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali dalaivala wa dokotala wina wachizungu ku Lilongwe. Dokotalayo pobwerera kwawo sanawasiyire galimoto, ayi. Anawasiyira chilimba cha pabalaza: ampu yokuzira mawu, yolemera ngati thumba la simenti, ya timabotolo tinayi toyaka mofiirira, masipika awiri ofika m'chiuno, choyimbira mbale, ndi bokosi la mbale za nyimbo, zakuda zakale zija. Anthu anaseka kuti mzungu wawapusitsa. A Kamtedza sanaseke nawo. Paja tsiku lina akadali pa ntchito, atalowa m'nyumba ya dokotala kukasiya makiyi anachipeza chikuyimba, ndipo anamva woyimba akukoka mpweya asanatulutse mawu, anamva chala chikutsetsereka pa waya wa gitala. Kuyambira tsiku limenelo khutu lawo linayamba matama.

Koma chitafika pa Kamphata, chilimba chija chinadwala. Ukangochiyatsa, nyimbo isanayambe n'komwe, masipika ankang'ung'uza: mmmmm. Sikanali kaphokoso kokweza, koma sikankapuma, ndipo kankakhala pansi pa nyimbo iliyonse. Chigayo cha pamsika chikaliza, timabotolo tija tinkazimirira. Wowotcherera mawindo akagunditsa chitsulo chake, masipika ankathetheka. Firiji ikayamba, thi! Alendo ankati, "Ife sitikumva chilichonse, bambo, chikuyimba bwino chilimbachi," ndipo mawu amenewo ndi amene ankawapsetsa mtima koposa.

"Magetsi a anthu osauka ndi akuda," ankatero. "Thiransifoma imodzi tikumwerapo ife, a chigayo, owotcherera, ometa tsitsi. Aliyense akusambamo mapazi, ine ndizimwa."

Amene ankamva madandaulo amenewa m'mawa ndi madzulo anali mkazi wawo, Nangondo, mayi wofatsa wopitirira zaka makumi asanu. Malo amene anamangapo anali a kwawo kwa Nangondo. A Kamtedza anali mkamwini. Ana analibe. Pathupi panabwera kamodzi kokha, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, mwana n'kubadwa wakufa kale. Paja mtayo saulira maliro. Amayi okhaokha amanyamula kamtoloko mbandakucha, khasu limodzi, n'kukaika kumene akudziwa okha, mwamuna sapitako. A Kamtedza anauzidwa mawu awiri pakhonde, "Mwana wabwerera," anagwedeza mutu, Lolemba lake n'kukwera basi kubwerera ku ntchito. Mwambo unawaletsa kupita nawo, n'zoona. Koma kufunsa mkazi wako kuchipinda kuti zinayenda bwanji, palibe mwambo umene unawaletsa. Iwo sanafunse, zaka n'kumapita.

Pa dziko lonse munthu amene anatsala nawo anali Nangondo yekhayo. Abale awo anatha, anzawo a ku Lilongwe anawaiwala. Koma mukanawafunsa chimene mkazi wawo amachita m'mawa uliwonse, akanayankha mopepuka kuti amataya madzi pa nthochi. Ndipo zinalidi choncho. Kumunsi kwa mpanda, cha kudambo, kunali tsinde limodzi la nthochi. Dzuwa lisanatuluke Nangondo ankapitako ndi beseni, kuthira madzi pang'onopang'ono, n'kuima pamenepo akung'ung'uza kanyimbo kopanda mawu, pakamwa ali chitsekere. Munthu wa khutu lomva chala pa gitala sanadabwepo ndi kanyimbo kameneko.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, a Kamtedza anatopa nako kaphokoso kaja. Anaitana a Gwaza, mmisiri wa zamagetsi, bambo wadazi wosachedwa kuseka, amene anaika mawaya m'nyumba zambiri za pa Kamphata. A Gwaza anayamba ndi zodziwika. Anachotsa firiji pa waya wa pabalaza, "thi" uja n'kutha. Anakoka waya wonenepa watsopano kuchokera pa bokosi la mita mpaka pa soketi imodzi ya chilimba chokha, yoti ngakhale foni isatchajidwepo. Anabweretsa sitebulaiza, kabokosi koletsa magetsi kukwera ndi kutsika, ndipo chigayo chinasiya kuzimiriritsa timabotolo. Anachotsanso mababu oyera onse m'nyumba, ati amalavulira phokoso m'mawaya, Nangondo n'kumasankha nyemba atatsinzina pa kuwala kwachikasu.

Koma mmmm uja anatsala.

"Chatsala ndi ethi, bwana," anatero a Gwaza, akupukuta dazi. "Waya wobiriwirawu umapita pansi, pa chitsulo cha mkuwa chokhomedwa m'nthaka. Zonyansa zonse za magetsi zimatsikira kumeneko, dothi n'kumeza. Koma chanuchi anachikhoma pamiyala, pouma gwa. Dothi lotere silingameze kanthu. Pafunika ponyowa, ponyowa chaka chonse."

A Kamtedza anayang'ana pabwalo. Udzu unali utapsa, mapapaya atayoyoka masamba. Chobiriwira chinali chimodzi chokha, kumunsi kwa mpanda.

Nangondo, amene ankasenda mbatata pakhonde, anaona kumene maso a amuna ake apita. Mpeni unaima.

"Pena paliponse, bambo, koma pa nthochi ayi."

"Chifukwa?"

"Ndanena."

"Nthochi zakezo zinabalapo liti? Zaka zonsezi mukuthira madzi, mkoko ndi umodzi womwe sitinadyepo."

"Sindinadzalire kudya."

Nangondo anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akudikira funso lina. Apa ndi pamene munthu wamutu akanatuma mmisiri kukagula ndudu, n'kukhala pansi pafupi ndi mkazi wake n'kufunsa bwinobwino. Koma a Kamtedza anamva zawozawo. Anamva kuti akukumbutsidwa, pamaso pa mlendo, kuti dothi ili si lawo, kuti mkamwini ngakhale amange nyumba yamalata alibe mawu pa tsinde la nthochi. Mtima unawawawa, ndipo anangoti, "Chabwino," mawu aja amene satanthauza chabwino.

Anadikira Lachinayi. Nangondo atavala bulauzi yoyera n'kupita ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, iwo anaimbira a Gwaza kuti mayi avomera, abwere ndi zipangizo.

A Gwaza anabwera ndi chitsulo cha mkuwa chotalika ngati munthu, thumba la makala, mchere wa m'chigoba ndi hamala yaikulu. Linali dzuwa la masana, loswa mtengo. Anapalasa kadzenje m'mbali mwa nthochi, dothi lake lakuda, lozizira, losavuta. Akuthira makala ndi mchere kuti chinyezi chizigwira bwino chitsulo, anamva munthu waima kunja kwa mpanda, pa kanjira kopita kudambo. Anali mayi wachikulire, khasu paphewa, chitenje atafunda mpaka kumaso ngakhale kunkatentha chotero.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero a Gwaza.

Mayiyo anangofunsa, mawu ake otsika, "Amuna akukumba pamenepo?"

"Tikukonza magetsi," anayankha a Kamtedza mwaukali. "Pali vuto?"

Mayiyo anaima pang'ono, n'kutsetsereka kulowera kudambo. A Gwaza, amene ankadziwa munthu aliyense pa Kamphata mpaka agalu awo, anati sanamuonepo. Anafunsanso kuti munthu amapita ndi khasu kukalima chiyani Okutobala masana, koma a Kamtedza anati agwire ntchito.

Chitsulo chinalowa chokha, popanda hamala, mpaka kuya kwa m'bondo. Pamenepo chinaima. A Gwaza anamenya kamodzi. Pansi panamveka kanthu kakuphwanyika, phwa, ngati phale. Kenaka chitsulo chinatsika chokha pang'onopang'ono mpaka chinatsala chibakera chimodzi pamwamba. Nkhuku zimene zinkapalasa pafupi zinasiya, n'kuyenda mondondozana kukabisala kuseri kwa bafa.

A Gwaza anamanga waya wobiriwira, anaukwirira m'kangalande mpaka kunyumba, n'kuulumikiza pa bokosi la mita, kumene ethi ya masoketi onse imakumana. Atayeza ndi kamakina kawo, anagogoda galasi lake n'kuyezanso.

"Chiyambireni ntchito ino sindinaonepo dothi lolandira chonchi," anatero, koma sanaseke. Anabwerera pa nthochi kukamangitsa nati, anagwira chitsulo, n'kubweza dzanja msanga.

"Chakugwirani shoko?"

"Ayi, bwana. Chikufunda."

"Ndi dzuwa."

"Chili pamthunzi, bwana."

Anakana tiyi, anakwera njinga n'kumapita. Hamala yawo anaiiwala pamenepo, ndipo sanabwere kudzaitenga.

A Kamtedza anasamba m'manja, anavala malaya oyera ngati akupita ku ukwati, anatseka mawindo n'kuyatsa ampu. Timabotolo tinafiira. Anadikira mmmm. Sanabwere. Anakweza voliyumu, anagunditsa khutu pa nsalu ya sipika: zii. M'nyumba monse munali chete wa mtundu wina, woti munthu umamva magazi ako akuyenda m'makutu.

Anaika mbale. Gitala inalira pakati pa balaza ngati woyimbayo wakhala pa mpando wa Nangondo. Mpweya uja anaumva, chala chija anachimva, anamvanso phazi la woyimba likugunda pansi, limene ngakhale kwa dokotala sanalimvepo. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Anasangalala, tisawanamizire, zaka zambiri anali asanasangalalepo chotero, ndipo chisangalalocho chinatha mphindi zinayi.

Nyimbo yoyamba itatha, pa kampata kaja yachiwiri isanayambe, anamva kanthu kena. Kanali kakang'ono, konyowa, ngati kukamwa kukutseguka ndi kutsekeka. Anati ndi fumbi, anapukuta singano. Kanamvekanso. Ananyamula singano pa mbale, mbale n'kuichotsa, koma kanthu kaja sikanasiye. Kankachokera ku sipika ya kumanzere. Tsopano kanali kupuma, kupuma kofulumira, kosazolowera.

Chitseko chinatseguka. Nangondo anaima pakhomo ndi bulauzi yake yoyera, buku lanyimbo m'manja. Pa nthochi anali asanafikeko, dzenje anali asanalione. Anangopendeketsa mutu, buku n'kugwa.

"Mwamudzutsa," anatero.

"Ndani?"

Sipika ya kumanzere inakoka mpweya wautali, n'kulira: ng'aaa!

A Kamtedza anathamangira voliyumu n'kuitsitsa yonse, koma kulira sikunatsike. Anazimitsa ampu, anazula pulagi. Kulira kunachepa, kenaka kunatulukira pa soketi ya kukhitchini, kenaka ya kuchipinda, kukuyenda m'makoma kutsata waya wobiriwira uja. Nangondo anawakankha, munthu amene chikwatiwireni sanawakankhepo.

"Yatsani! Akusochera m'makomamo, yatsani!"

Anayatsa. Kulira kunabwerera mu sipika. Nangondo anakhala pansi pa simenti, anakumbatira sipikayo, anagunditsa tsaya pa nsalu yake n'kuyamba kung'ung'uza kanyimbo ka m'mawa kaja. Kulira kunasanduka kusisima, kusisima n'kusanduka kupuma. Koma akangosiya kuti ameze mate, ng'aaa!

A Kamtedza anamufunsa, anamukalipira, anamuchonderera. Nangondo sakanayankha, poti pakamwa panali pa ntchito. Sanaphike tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Madzi ankamwa mothamanga, kamodzikamodzi. Tulo ankaba ali chikhalire, mutu uli pa sipika, mpaka kulira kumudzutse.

Tinthu tinayamba kusuntha m'nyumba. Kansalu kofewa kopukutira mbale za nyimbo kanasowa, a Kamtedza n'kukakapeza pa nthochi, katanyowa. Ngodya za zikuto za mbale zinkapezeka zofewa, zotafunika, ngati wina wopanda mano waziyamwa. Galu wa oyandikana nawo anasiya kulowa pa geti. Tsiku lachitatu mayi wina anaitana pa mpanda, nkhope ili mwee, "Odi kumeneko! Mwalandira mlendo osatiuza? Ndi mdzukulu wa ndani akulirayo?" A Kamtedza anati ndi wailesi. Mayiyo anayang'ana pa chingwe choyanikira zovala, anaona kuti palibe thewera ndi limodzi lomwe, n'kuchoka osatsanzika.

Tsiku lachisanu a Kamtedza anaona bulauzi ya Nangondo yanyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri. Anati ndi thukuta, koma fungo linali la mkaka. Mayi wa zaka zopitirira makumi asanu! Apa mantha anawagwira enieni, osati a chinthu cha mu sipika, koma a mkazi wawo. Masaya anali atalowa, maso atafiira, mawu akuyamba kusasa. Anaona poyera kuti Nangondo akutha, ndipo akatha iwo atsala ndi masipika awiri.

Anathamangira kwa a Gwaza. A Gwaza anawalankhula ali mkati, chitseko atangotsegula pang'ono.

"Bwana, munandinamiza kuti mayi avomera. Dzanja limene ndinagwira chitsulo chija mpaka lero likufunda. Akazi anga akuti ndisagwire ana. Kumeneko ine sindipondako."

A Kamtedza anaimbira foni mlamu wawo, a Esinta, mkulu wake wa Nangondo, amene ankagulitsa tomato ku Mponela. A Esinta ndi a Kamtedza ankakonda kunyogodolana, koma tsiku limenelo anafika opanda nthabwala. Analowa pabalaza, anaona mng'ono wawo, anamvetsera, n'kutuluka kupita kumunsi. Atabwerako anakhala pakhonde.

"Alamu, mwakhoma chitsulo pa mwana wanu."

A Kamtedza anakhala pansi, a Esinta n'kupitiriza.

"Ndinalipo ine, ndi malemu mayi athu, ndi azakhali amene ananyamula khasu. Nthawi imeneyo mpanda unali usanafike uko. Tinakumba pang'ono, kulekeza m'bondo, monga timachitira, kuti mayi wake asatsekeke. Tinavundikira ndi phale. Sitinalire, poti saloleza. Mwana amene sanalire pobadwa sadziwa kuti anabadwa, alamu. Amangogona. Nangondo anadzala nthochi kuti khasu la munthu lisadzapiteko, ndipo m'mawa uliwonse amakamugoneka."

"Nanga bwanji osandiuza? Akanangonena kuti..."

"Munafunsa?"

"Mwambo umati mwamuna..."

"Mwambo umati musapiteko. Unati musafunse? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi munthu akuimba pa nthochi zosabala, inu muli kalikiliki kusaka kaphokoso m'bokosi la mzungu. Khutu lanu lodula lija linali kuti?"

A Esinta anawauza kuti asakhudze kanthu. Iwo apita kumudzi kukatenga amayi achikulire awiri odziwa zoterezi, abwera nawo mawa, ndipo amayiwo ndi amene adziwe kamubwezedwe kake. Ananena kawiri, "Musakhudze kanthu, alamu," n'kuthamangira minibasi.

Koma munthu amene wazolowera kukonza zinthu manja ake samva. A Kamtedza anakhala pakhonde, manyazi akuwadya, mkati mkazi wawo akung'ung'uza ndi mawu othetheka. Dzuwa likupendeka anamumva akutsokomola, ndipo atasuzumira anaona kadontho ka magazi pa nsalu ya sipika. Anati ayi, mpaka mawa afa. Chimene ndinakhoma ndine, ndichizule ndine. Sanamufunse Nangondo. Kachiwirinso, sanafunse.

Anatenga sipanala, anamasula waya wobiriwira, anagwira chitsulo ndi manja awiri. Chinali chofunda ngati mkono wa munthu. Anakoka, chinakana pang'ono ngati wina wachigwira kunsi, kenaka chinatuluka chonse. Dothi linali litamatirira paliponse kupatula kunsonga. Nsongayo inali yoyera, yosalala, yonyowa, ngati chala chimene mwana wakhala akuyamwa. Akuyang'ana, kabowo kamene chitsulo chinatulukamo kanadzitseka kokha.

Analowa m'nyumba akuthamanga. Mmmm uja anali atabwerera, wonenepa kuposa kale poti tsopano nyumba inalibe ethi n'komwe. Kulira kunali kutasiya. Nangondo anali atakhala tsonga, pakamwa pali chitsegukire, osang'ung'uza, koma m'sipika munali bata. A Kamtedza anamwetulira.

"Zatha, mayi. Ndazula. Wabwerera."

Nangondo anawakodola ndi dzanja kuti asendere, anawagwira khutu lawo lodula lija n'kuligunditsa pa nsalu. Pansi pa mmmm panali kupuma, kwapang'onopang'ono, kwa mwana amene wagona. Ndipo apa ndi pamene a Kamtedza anamva chimene akanayenera kumva kalekale: mmmm wa magetsi akuda aja ndi kanyimbo ka Nangondo zinali pa liwu limodzi.

"Sanabwerere," ananong'ona Nangondo, poti mawu anali atatha. "Mwazula njira yake ali kuno."

Asanayankhe, magetsi anathima, monga amachitira pa Kamphata nthawi yophika ndiwo. Timabotolo tinazirala, mmmm anafa. Sipika yopanda moto inakoka mpweya n'kulira, kulira kwaukali kwa mwana amene wadzutsidwa kachiwiri. Nangondo anayesa kung'ung'uza, kunangotuluka mpweya. Anayesanso, anatsokomola magazi. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana amuna ake.

A Kamtedza anagwada pa simenti. Anatseka pakamwa, anafunafuna liwu lija pammero. Linatuluka lokhota, lamanyazi. Kulira kunakula. Anatsitsa pang'ono, anakweza pang'ono, mpaka analipeza. Kulira kunasanduka kusisima. Anang'ung'uza maola atatu, mawondo atachita dzanzi, mpaka magetsi anabwera n'kuwalandira.

M'mawa a Esinta anafika ndi amayi awiri aja. Anapita kumunsi okhaokha, anakhalako nthawi yochepa. Dothi la pa nthochi linali litauma gwa ngati la pamsewu, masamba atayamba kale kufota. Wamkulu mwa amayiwo anaona chitsulo chili pakhonde, anapukusa mutu.

"Tikanamutsitsa ndi waya womwewo, mayi wake akumuimbira kumunsi," anatero. "Pano khomo latsekeka. Ngakhale mukhome zitsulo khumi, salowanso. Ndi wa m'nyumba tsopano."

A Esinta analongedza zovala za mng'ono wawo m'chikwama. Anati akamuonetsa kuchipatala, akachira akhala nawo ku Mponela. A Kamtedza ankayembekeza kuti Nangondo akana, kuti mayi sangasiye mwana. Koma Nangondo anavala nsapato. Anapita pa sipika ya kumanzere, anaisisita pamwamba, n'kuyalapo chitenje chake chakale.

"Nangondo, musandisiye," anatero a Kamtedza, ndipo analira pamaso pa amayi onsewo. "Ndinalakwa. Ndilibe wina."

Nangondo anawayandikira kuti amve, poti ankangonong'ona.

"Ndamulera ndekha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mvula ndi dzuwa, inu muli m'nyumba momwemo. Mawu anga athera pa iye. Anu akadalipo." Anapuma pang'ono. "Simunandifunse, koma ndikuuzani. Ndi wamkazi."

Anatuluka pa geti atatsamira mkulu wake, ndipo sanacheuke.

Tsiku lomwelo a Kamtedza anayamba kumasula ntchito yawo yonse. Sitebulaiza anaichotsa n'kuiponya kunkhokwe. Firiji anaibweza pa soketi imodzi ndi ampu. Mababu oyera aja anawabwezeretsa onse. Anakoka waya wa ampu n'kuugoneka pamwamba pa mawaya a masipika, chinthu chimene kale akanamenyera nacho munthu, kuti mmmm anenepe. Chilimbacho sichizimitsidwa usana ndi usiku, ndipo mbale ndi imodzi yomwe sinaikidweponso, poti gitala imamudzidzimutsa. Chigayo chikaliza, iwo amathokoza. Sapita ku maliro, sapita kutchalitchi, ngakhale kumsika amathamanga ngati asiya mphika pamoto, maso ali pa mababu a m'magolosale kuti aone ngati akuyaka.

Ku Mponela anaimbako foni kangapo. A Esinta amayankha kuti Nangondo ali bwino, wanenepa, koma mawu sanabwerere, choncho palibe choti alankhulane.

Anthu odutsa pa kanjira ka kudambo amati magetsi akathima pa Kamphata, m'nyumba ija mumayamba kaye kulira, kamodzi kapena kawiri. Kenaka mumamveka mawu a nkhalamba, osasa, onjenjemera, ali mmmmm, akudukiza pang'ono pokoka mpweya n'kuyambiranso msanga. Ena amati nthawi zina pa mpanda pamaima mayi wa khasu paphewa, kumvetsera ngati akuimba bwino.

Lero athima chiyambire m'mawa, ndipo laini yathu ndi ya pa Kamphata ndi imodzi. Inu mukudandaula za foni zimene zatha moto. A Kamtedza ili ndi ola lakhumi ndi chiwiri ali chigwadire pa simenti, ndipo palibe woti awalandire.